Musanagule mapadi, pezani kaye pamene mabuleki akudwalira

Eni galimoto ambiri kuno ku Harare, mabuleki akangoyamba kuchita zachilendo, amayambira kogula. Amatsikira ku Kaguvi Street kapena ku Gazaland ku Highfield, n'kufika pagalaja kabokosi ka mapadi a mabuleki kali m'manja. "Amalume, mungondiikirako awa, ndili pachangu." Pena amakhala kuti alasa. Koma kawirikawiri timati tikavula tayala n'kupeza mapadi akadali ndi nyama yambiri, matenda ali pena. Ukangomuikira atsopanowo amapita akusekerera, mwezi usanathe wabweranso, ulendo uno akulalatira wogulitsa kuti anamupatsa sipeya wabodza.

Ntchito yanga ndi ya masipanala, ndipo ndimatsutsa ndikamva anthu akunena pangozi kuti mabuleki anangoduka. Si kawirikawiri kuti angoduka osachenjeza. Amayamba adandaula kwa masabata, kudzera kuphazi, kukhutu, pachiwongolero, pena ndi pamphuno pomwe, ndipo dandaulo lililonse lili ndi malo amene likuloza. Wodziwa kulimva amagula chinthu chimodzi choyenera. Wosadziwa amasintha zitatu, chowonongeka chenicheni n'kutsala pomwepo.

Kuchokera kuphazi kukafika kutayala

Mukaponda pedulo, mphamvu ya mwendo wanu imayamba yalowa mu booster, chimbale chakuda chozungulira chimene mumachiona mukatsegula boneti, mbali ya dalaivala. Booster imachulukitsa mphamvuyo pogwiritsa ntchito kukoka kwa mpweya. Pa galimoto ya petulo imakoka ndi injini yomwe. Pa ya dizilo pamakhala kapampu kakekake, kamene pa ma Hiace akale kali kumbuyo kwa alternator. Kutsogolo kwa booster kuli master cylinder, ndipo pamwamba pake pakhala kabotolo koyera ka brake fluid, madzi apadera a mabuleki. M'kati mwa master cylinder muli mapisitoni awiri okankha brake fluid kudutsa m'mapaipi achitsulo, kenako m'mapaipi a labala amene ali pafupi ndi tayala lililonse, mpaka ku caliper. Caliper imapana disiki ndi mapadi awiri, ina uku ina uku. Kumbuyo, Honda Fit zambiri, Probox ndi ma kombi zili ndi madilamu: kasilinda kakang'ono kamatambasula mashu awiri kuti akhule m'kati mwa dilamu.

Mapisitoni aja ali awiri dala. Njira za brake fluid anazigawa pawiri kuti ina ikaboola, inzake igwirebe. Pa galimoto zazing'ono zokoka ndi matayala akutsogolo, kagawidwe kake nthawi zambiri kamakhala kopingasa: tayala lakutsogolo kumanja limayendera limodzi ndi lakumbuyo kumanzere. N'chifukwa chake paipi imodzi ikaphulika pedulo imatsika kwambiri koma chapansi penipeni imagwirako pang'ono. Madalaivala ena pedulo ikangomira amachotsa phazi chifukwa cha mantha, chonsecho theka la mabuleki likadalipo, likungofuna kupondedwa mpaka pansi.

Zonsezi zimatheka chifukwa madzi safinyika. Mukawakankha mbali ino, amakankha mbali inayo nthawi yomweyo. Mpweya ndiye umafinyika, choncho kathovu kamodzi kakalowa m'paipi, phazi lanu limayamba lafinya kathovuko lisanafike pa mapadi. Komanso buleki siyimitsa galimoto mwamatsenga, imasandutsa liwiro kukhala moto. Motowo sukula mofanana ndi liwiro: kuyimitsa galimoto imene ikuthamanga 120 km pa ola mumsewu wa ku Bulawayo kumatulutsa kutentha kowirikiza kanayi poyerekeza ndi kuiyimitsa pa 60 m'tauni. Gawo lalikulu la ntchitoyi limagwera matayala akutsogolo, chifukwa pomanga mabuleki kulemera konse kumathamangira kumphuno. Musadabwe mapadi akutsogolo akatha kawiri kapena katatu mashu akumbuyo asanasinthidwepo.

Zimene phazi limamva

Kuyeza kumayamba galimoto itaima, musanagwire jeke. Injini ili yozima, pondani pedulo kanayi kapena kasanu mpaka iume. Ipondenibe choncho, n'kuliza injini. Booster ikakhala yamoyo, pedulo imatsika pang'ono pansi pa phazi lanu. Ikapanda kusuntha, ndipo pamsewu mukuchita kuimirira pa pedulo kuti galimoto ime, yang'anani kaye paipi ya labala yochokera ku injini kupita ku booster. Imang'aluka ndi ukalamba, ndipo kavaluvu kamene kali pamenepo kamafa. Mukamva kaphokoso ka mpweya kuti fwii pansi pa dashibodi poponda, ndiye kuti labala wa m'kati mwa booster wang'ambika. Pedulo youma si vuto la mapadi, ngakhale musinthe kangati.

Pedulo yofewa ndi nkhani ina. Imakhala ngati mukuponda mpira wophwa, ndipo mukapopa kawiri katatu imakwera n'kulimba. Mmenemo muli mpweya. Musathamangire kuuchotsa musanadzifunse kuti walowera pati. Mwina kabotolo kanaphwa mpaka master cylinder inameza mpweya, mwina wina anamasula paipi posachedwa, mwinanso pali pamene pakudontha. Gwadani muyang'ane kuseri kwa tayala lililonse. Tayala lonyowa m'kati, kapena dilamu yokhala ndi chinyezi chakuda kumunsi, ndiye pamene pakutayikira. Paipi ya labala yokalamba nayo imafewetsa pedulo popanda kudontha: imatupa wina akaponda, ndipo mukaigwira m'manja mnzanu akuponda mumaimva ikufufuma.

Ndiye pali pedulo imene imagwira bwinobwino, koma mutaima pamaloboti a Samora Machel Avenue phazi lili pomwepo, mumazindikira kuti ikumira pang'onopang'ono. Iyi imapusitsa ambiri chifukwa mukaponda mwamphamvu imalimba. Muyese mopepuka: ikani phazi mosakanikiza kwambiri, n'kudikira theka la mphindi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikamira, koma pansi palibe dontho ndipo m'kabotolo brake fluid sakutsika, ndiye kuti timalabala ta m'kati mwa master cylinder tatha, brake fluid akungozemba kubwerera kumbuyo kwa pisitoni. Pena amadonthera m'kati mwa booster momwe maso safika. Chizindikiro chake ndi penti yosupuka pansi pa pamene master cylinder yakumana ndi booster, pakuti brake fluid amadya penti. Apa mankhwala ndi master cylinder ina, kapena timalabala tatsopano ngati khoma la m'kati lilibe zipsera.

Pedulo ikakhala yolimba ndithu koma ikugwirira pansi, ndipo handibuleki nayo mukuikoka mpaka kudenga, pitani kumbuyo. Mashu atalikirana ndi dilamu. M'dilamu muli kachitsulo ka mano kamene kamayenera kusendeza mashu kokha akamatha, koma fumbi ndi dzimbiri zimakaumitsa. Kutsuka ndi kusendeza kokha kumabweza pedulo pamwamba, osagula kanthu.

Za brake fluid, amene ambiri samukumbuka

Oyilo wa injini aliyense amamusintha. Brake fluid ndiye amayenda naye mmene anabwerera galimoto kuchokera ku Japan, zaka ndi zaka, mpaka kuda bii. Vuto lake n'lakuti amamwa chinyezi cha mumpweya, ndipo akamamwa amayamba kuwira msanga. Pabotolo pamalembedwa DOT 3 kapena DOT 4. Mwa muyezo wake, DOT 3 watsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 205, DOT 4 madigiri 230. Akamwa madzi okwana pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse, malirewo amatsika kufika pa 140 ndi 155. M'tauni simungazindikire kusiyana. Mudzakudziwa tsiku lotsetsereka mutadzaza katundu, brake fluid atawira mu caliper n'kusanduka nthunzi, pedulo n'kupita pansi yopanda kanthu. Chodabwitsa n'chakuti galimoto ikazizira mabuleki amabwerera, munthu n'kumati zinali zamasalamusi. Madzi omwewo ndi amene amadyetsa dzimbiri mapisitoni ndi masilinda m'kati. Opanga galimoto ambiri amati asinthidwe pakatha zaka ziwiri zilizonse, ndipo mtengo wake ndi wochepa kuposa wa caliper imodzi.

Chivindikiro cha kabotolo chimanena mtundu woyenera. DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi a banja limodzi, angathe kusakanikirana pakavuta. DOT 5 wopanda kadontho ndi wa silicone, sagwirizana ndi anzakewo, musamuthire. Choopsa kwambiri ndi oyilo wa injini, wa giya kapena wa power steering: supuni imodzi yokha imatupitsa timalabala tonse kuyambira ku master cylinder mpaka kumatayala, ndipo kukonza kwake n'kusintha chilichonse chimene chili ndi labala. Botolo limene linatsegulidwa chaka chatha n'kumangogubuduzika m'buti nalonso lamwa kale chinyezi.

Brake fluid akatsika pang'ono m'kabotolo, si nthawi zonse pamene akutayika. Mapadi akamatha, mapisitoni amatuluka kunja, ndipo brake fluid amatsatira kukadzaza malowo. Kabotolo kotsika kakukuuzani kuti mukaone mapadi. Mukangothiramo mpaka pakamwa, mwafufuta uthengawo, ndipo tsiku lobweza mapisitoni adzasefukira pa penti. Koma akamatsika sabata ndi sabata, pali pobooka.

Phokoso

Si kulira kulikonse kumene kuli matenda. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka cha m'Malichi, galimoto yogona panja imadzuka madisiki atachita dzimbiri lopyapyala, ndipo imakhula pa mabuleki awiri atatu oyamba kenako zii. Zimenezo zisiyeni.

Kulira kosongoka kwa tswii kumene kumamveka galimoto ikuyenda, pena n'kusiya mukaponda, kumachokera ku kachitsulo kamene opanga anakaika dala pa padi kuti kakhudze disiki nyama ikatsala pang'ono. Padi yatsopano imakhala ndi nyama ya mamilimita 10 kapena 12. Ikafika pa 3, nthawi yakwana. Mukapitirira pamenepo mudzamva kukukuta kwa chitsulo pa chitsulo, ndipo tsiku lililonse limene mukuyenda choncho mukupala disiki. Ntchito ya mapadi okha yasanduka ya mapadi ndi madisiki. Kamwala kolowa pakati pa disiki ndi chitsulo chopyapyala cha kuseri kwake kamachitanso phokoso loopsa, makamaka m'misewu ya miyala ya ku Epworth kapena ku Hopley, koma kukachotsa n'kwa mphindi zochepa.

Kugogoda kwa gu kamodzi mukangoponda kumafuna kusamala, chifukwa mwina si buleki n'komwe. Bawuti ya caliper yomasuka imatero, inde, koma ndi maenje a m'misewu yathu, kawirikawiri amakhala mabushi kapena ball joint zimene zatha, ndipo tayala lonse limasuntha buleki ikagwira.

Kukokera mbali, ndi nkhani ya mapini

Apa ndi pamene pamatayikira ndalama zambiri. Caliper ya galimoto zathu zambiri ili ndi pisitoni mbali imodzi yokha, ya m'kati. Kuti padi yakunja nayo igwire, caliper yonse imayenera kutsetsereka pa mapini awiri opakidwa girisi, otetezedwa ndi timalabala topindikapindika. Kalabala kakang'ambika, madzi a m'zithaphwi ndi fumbi zimalowa, girisi amauma, pini n'kugwira. Zikatero padi imodzi imagwira ntchito ya awiri.

Mapadi akale musawataye musanawawerenge. Onse anayi akatha mofanana, zinthu zili bwino, angokalamba. Ya m'kati ikatha yakunja ikadali yonenepa, kapena padi ikatha mopendekeka, mutu woonda mchira wonenepa, mapini agwira. Mapadi a tayala limodzi akatha onse awiri pamene a tayala linalo akadalipo, pisitoni ya mbali yothayo sikubwerera, kapena ya mbali inayo sikutuluka. Kuika mapadi atsopano pa caliper yotere n'kungowapereka nsembe.

Galimoto ikamakokera kumanzere pomanga mabuleki, anthu amathamangira tayala lakumanzere. Nthawi zambiri wolakwa ndi wakumanja, amene sakugwira, ndipo galimoto ikutsatira mbali imene ikugwira. Koma ikamakokera mbali ngakhale musanaponde, ikulemera ponyamuka, petulo akutha msanga, ndiye kuti buleki ina sikumasula. Yendani makilomita angapo, imani, yandikizani dzanja pa limu iliyonse osakhudza. Imene ikutulutsa moto kuposa zinzake, pena ndi fungo la chinthu chopserera, ndi yomweyo. Musanatsutse caliper, yesani ichi: kwezani tayalalo, pondani n'kusiya, kenako masulani pang'ono kabawuti kotulutsira mpweya kamene kali pa caliper. Brake fluid akathovoka tayala n'kumasuka, caliper ilibe mlandu. Ndi paipi ya labala imene yafumuka m'kati, ikulola brake fluid kupita koma osabwerera. Tayala likakhalabe logwira, ndiye pisitoni kapena mapini. Ndipo musanayambe zonsezi, yezani mpweya wa m'matayala, chifukwa tayala lophwa nalo limakoka.

Chiwongolero chikamanjenjemera pomanga mabuleki pa liwiro, pedulo n'kumabwerera kuphazi, anthu amati disiki yapindika. Nthawi zambiri sikuti yapindika, koma yatha mosafanana, pena yonenepa pena yoonda, mosiyana pang'ono kwambiri moti diso silingaone. Zimayamba disiki ikaikidwa pa hub (chitsulo chimene disiki ndi tayala zimamangidwapo) ya dzimbiri osapala, kapena manati a tayala akamangidwa mopambanitsa ndi chipaipi chodumphira. Galimoto ngati Fit imafuna manati omangidwa cha pa 108 Nm (muyezo wa mphamvu yomangira nati), mopingasa, osati mozungulira. Disiki angathe kuipala pamakina, koma pali malire: m'mphepete mwake kapena pakati analembapo MIN TH ndi nambala, kutanthauza kuonda kumene siyenera kupitirira. Yoonda kuposa pamenepo imatentha msanga ndipo imang'aluka. Kunjenjemera kukamamvekera kumpando osati pachiwongolero, yang'anani kumbuyo. Kuli kunjenjemera kwinanso kwachangu, kwa drrr, kumene kumabwera mukaponda mwadzidzidzi pamchenga kapena pamsewu wonyowa. Imeneyo ndi ABS, chida choletsa matayala kukhwekhwereza, ikugwira ntchito yake, musachotse phazi.

Pa dashibodi pali nyali ziwiri. Yofiira imayaka handibuleki ikakhala yokoka kapena brake fluid akatsika. Ikayaka mukuyenda, imani muone. Yachikasu ya ABS ikutanthauza kuti mabuleki wamba alipo koma chitetezo choletsa matayala kukhwekhwereza chazima. Gwero lake nthawi zambiri ndi sensa ya patayala yodetsedwa, waya wake woduka, kapena bearing yolakwika imene inaikidwa posachedwa. Makina owerengera kompyuta ya galimoto amanena tayala lake. Pogula galimoto, tembenuzani kiyi muone ngati nyali ya ABS ikuyaka kaye kenako n'kuzima. Ikapanda kuyaka n'komwe, wina anaithimitsa dala.

Potsetsereka

Harare ndi wosalala, choncho mabuleki ofooka amatha kubisala chaka chonse. Amaululika pa Christmas Pass polowa mu Mutare, pa Boterekwa ku Shurugwi, potsikira kuchigwa cha Zambezi mutadutsa Makuti, kapena mu Disembala anthu akamapita kumudzi kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, galimoto itadzaza mpaka padenga, kwina n'kukakumana ndi Khwekhwerere kapena Chiweta. Phazi likakhala pa pedulo mtunda wonse, mapadi amapsa n'kuyamba kuterera. Pedulo imakhala yolimba koma galimoto osaima, ndipo fungo limalowa m'kati. Uku n'kusiyana kwake ndi brake fluid wowira, amene amagwetsa pedulo pansi. Zonse ziwiri mankhwala ake ndi amodzi: tsikani ndi giya yaing'ono, pa otomatiki ikani pa 2, L kapena B, injini igwire galimoto, buleki muziponda mwamphamvu pang'ono n'kusiya kuti ipume. Kutsetsereka pa nyutulo pofuna kupulumutsa mafuta, kapena kuzimitsa injini kumene, ndi misala. Injini ikazima booster imangokuthandizani kawiri kapena katatu basi. Mabuleki akatentha imani pambali adzizizire okha, osawathira madzi.

Za ma kombi ndi mapikiapu ndionjezepo chimodzi. Ambiri akale ali ndi valuvu pafupi ndi ekiselo yakumbuyo, yolumikizidwa ndi kandodo kapena sipuling'i, imene imaonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikalemedwa. Anthu akaonjezera masipuling'i kuti azinyamula katundu wambiri, galimoto sikhalanso pansi, valuvu imaona ngati ilibe katundu, ndipo akutsogolo amatsala okha ndi mtolo wonse.

Kugwira ntchitoyo

Kusintha mapadi munthu wa manja abwino angathe pakhomo, malinga galimoto ikhale pamalo osalala, itatsamira pa zitsulo zochirikizira, osati pa jeke yekha kapena pa njerwa. Sinthani matayala onse awiri a ekiselo imodzi nthawi imodzi, koma masulani mbali imodzi kaye kuti inayo ikhale yoonera. Caliper mukaichotsa imangirireni ndi waya ku sipuling'i, isalendewere pa paipi yake. Solorani mapini, muwapukute, muwapake girisi wa mabuleki wosadya labala. Girisi wamba wa ma bearing amatupitsa timalabala, pini n'kugwiranso. Palani dzimbiri pamene makutu a padi amakhala, mpaka padi izilowa ndi zala, osati ndi hamala. Bwezani pisitoni pang'onopang'ono, diso lili pa kabotolo. Ikakana, suzumirani pansi pa labala wake. Pisitoni ya zipsera za dzimbiri ndi yosintha, si yopala ndi sandipepa. Dziwaninso kuti pa galimoto zina zokhala ndi madisiki kumbuyo, pisitoni yakumbuyo imalowa mozungulira, ndipo kuikanikiza n'kuiswa. Girisi kapena oyilo asakhudze nkhope ya padi kapena disiki. Mashu amene anyowa ndi brake fluid satsukika, ngakhale muwawambe pamoto.

Fumbi la m'dilamu musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi kompuresa. Mashu ndi mapadi akale ankapangidwa ndi asbestos, mwala womwe uja unkakumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava, ndipo pa sipeya wosadziwika kochokera simungadziwe zimene zilimo. Nyowetsani, pukutani ndi sanza.

Mukamanga zonse, musanasunthe galimoto, popani pedulo mpaka ilimbe. Poyamba imapita pansi yopanda kanthu chifukwa mapisitoni ali m'kati. Mageti ambiri agwa chifukwa choiwala zimenezi.

Kuchotsa mpweya, kumene pagalaja timati kubulida, kumafuna anthu awiri ndi kumvana. Wina amakhala pampando, wina kutayala ali ndi sipanala, kapaipi koonekera m'kati ndi botolo. "Popani, achimwene. Gwirani." Wapampando akayankha kuti wagwira, wakutayala amamasula kabawuti, brake fluid ndi thovu n'kutuluka, pedulo n'kutsika, ndipo amamanga kaye asananene kuti "siyani". Wapampando akasiya msanga, mpweya umabwerera momwemo. Mwachizolowezi timayambira tayala lakutali ndi master cylinder n'kumayandikira, koma opanga ena, kuphatikizapo Honda pa galimoto zawo zambiri, ali ndi dongosolo lawolawo, choncho buku la galimotoyo ndilo lolamula. Kabotolo kasaphwe pakati pa ntchito. Pa galimoto yakale ikani kathabwa pansi pa pedulo kuti isafike pansi penipeni, chifukwa kumapeto kwa master cylinder kumene pisitoni siinafikeko kwa zaka kumakhala dzimbiri, ndipo timalabala tikadutsapo timang'ambika. Ndi mmene ena amapitira kukabulida n'kubwerako ndi pedulo yomira. Mukabulida kangapo thovu osatha, onani ngati ma caliper sanasinthanitsidwe, wakumanja kupita kumanzere: kabawuti kotulutsira mpweya kayenera kukhala pamwamba.

Za pamsewu timazidziwa tonse. Paipi ikaphulika kutchire, ena amaipana ndi pulayala kapena kuikhomera msomali kuti tayala limenelo lisalandire brake fluid, ena amathira madzi a sopo m'kabotolo. Madzi amawira pa madigiri 100, sopo sateteza chitsulo ku dzimbiri, ndipo galimoto ya mabuleki atatu imatembenuka mukaponda mwadzidzidzi. Chondinyansa n'chakuti msomali uja umakhalamo miyezi, galimoto ikunyamula ana a sukulu. Paipi yachitsulo ya buleki siwotcheredwa, siilumikizidwa ndi paipi ya petulo, ndipo ya kopa wamba imathyoka ndi kugwedezeka. Imafuna paipi ya buleki yeniyeni yopindidwa milomo ndi chida chake.

Ma hybrid, galimoto zoyendera injini ndi magetsi pamodzi, ndiwo asintha zinthu. Toyota Aqua ndi Prius, zimene zachuluka m'tauni muno, zimayimitsa galimoto kwambiri ndi mota ya magetsi, choncho mapadi amakhalitsa, koma chifukwa chosagwiragwira ntchito mapini ndi madisiki amachita dzimbiri msanga. Zilibenso booster ya mpweya ija. Zili ndi pampu ya magetsi ndi kathanki kosunga brake fluid pa mphamvu yaikulu, ndipo pampuyo imatha kudzuka yokha mukangotsegula chitseko cha dalaivala, n'kutulutsa pisitoni caliper ili m'manja mwanu. Kubulida kwake kumafuna kompyuta. Pampuyo mukaimva ikulira pafupipafupi galimoto itangoima, pitani nayo kwa wodziwa ma hybrid nyali zisanayake.

Mapadi atsopano sagwira mokwanira tsiku loyamba, amafuna kuzolowerana ndi disiki. Pezani msewu wopanda anthu, fikani pa 60, tsitsani mpaka cha pa 10 osaima, bwerezani kasanu ndi katatu kapena kakhumi, kenako yendani pang'ono osaponda kuti azizire. Pa makilomita 200 oyamba pewani kuponda mwankhanza pokhapokha pangozi. Pobwerera yandikizani dzanja pa malimu onse anayi: awiri akutsogolo atenthe mofanana, awiri akumbuyo chimodzimodzi. Ikani chizindikiro pa kabotolo pamene brake fluid walekezera, mawa lake muone ngati wasuntha, ndipo pakatha makilomita 50 mubwerezenso kumanga manati a matayala.